Île flottante ikundikanika, ndipo Lamlungu likubwerali ndi ulendo wanga wophika

Mayi wina amene anakwatiwa ku Lyon, m'dziko la France, walemba motere:

"Lamlungu lililonse timakadya nkhomaliro kwa apongozi anga. Iwo amakonda kutsekera chakudya ndi île flottante, thovu loyera la mazira lija loyandama pa kasitadi. Pano manja awo akuvuta ndi nyamakazi, ndiye ndinadzipereka kuti ulendo wotsatira ndidzapanga ndine. Ndayesera kunyumba koma zikundikanika. Thovu limafufuma bwinobwino mu poto, ndikangolivuula limafota n'kulimba. Kasitadi anachita timibulu. Tsiku limene zinaoneka ngati zatheka ndinathira shuga wowotcha pamwamba usiku, m'mawa ndinapeza wasungunuka yense, m'mbale muli madzi abulauni. Kodi ndingogwiritsa ntchito kasitadi wa ufa amene tinazolowera kwathu? Chinanso, alamu anga ndi oyembekezera, ndipo amuna anga akuti mwina asadye chifukwa mazira ake sapsa kwenikweni. Ndithandizeni ndisakachite manyazi."

Achemwali, khazikani mtima pansi. Zimene mwalembazi zimagwera pafupifupi aliyense amene akuyamba kuphika chakudyachi, ndipo m'makhitchini a mahotela momwe ndagwiramo ntchito ndaona anyamata odziwa kukongoletsa makeke a ukwati akutuluka thukuta ndi kasitadi yemweyu. Chimavuta chifukwa zopangira zake n'zochepa: mazira, mkaka, shuga ndi vanila basi. Mulibe ufa kapena batala woti n'kubisa pamene dzanja laphonya. Koma pa mavuto atatu mwatchulawo, awiri gwero lake ndi limodzi, moto unachuluka. Lachitatulo munangofulumira kuthira. Za kasitadi wa ufa ndi za alamu anu ndizikamba pazokha, makamaka za alamuzo chifukwa si zotengera chibwana.

Musanagule n'komwe mazira, afunseni apongozi anu kuti amapanga mtundu uti. Ku France kuli mitundu iwiri imene masiku ano anthu amangoisinthanitsa mayina. Woyamba ndi œufs à la neige, pomwe thovu amalitapa ndi supuni n'kuliphika mu mkaka kapena m'madzi otentha, aliyense n'kulandira zibulungwa ziwiri kapena zitatu. Umenewu ndi wakalekale, moti unalembedwa kale m'buku la zophikaphika la François Pierre de La Varenne la mu 1651. Wachiwiri ndi umene ophika okhwimitsa zinthu amati ndiwo île flottante weniweni. Thovu lonse amaliika m'chikombole n'kuliphika mu uvuni, chikombolecho chitakhala m'thireyi ya madzi otentha, kenako amalikhuthulira pa kasitadi lili chimodzimodzi lathunthu. M'masiku a Auguste Escoffier, wophika wotchuka wa ku France, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, dzina lomweli linkaimiranso keke yodulidwa m'magawo, yonyowetsedwa ndi mowa wotsekemera n'kupakidwa jamu, koma imeneyo simungaipezenso kawirikawiri. Inu mwakhala mukulimbana ndi mtundu woyamba, pomwe mwina apongozi anu amachita wa mu uvuni, umene ndi wosavuta. Kuwafunsako sikuchotsa ulemu. Munthu amene waphika chinthu kwa zaka zambiri amasangalala akafunsidwa, ndipo ngakhale manja akuvuta, maso ndi lilime zikadali zawo.

Tiyambe ndi kasitadi, amene kumeneko amati crème anglaise, chifukwa kukoma konse kwa chakudyachi kwagona mwa iyeyu. Thovu palokha ndi mpweya wotsekemera chabe. Kwa anthu 6 ndimatenga zachikasu za mazira 6, mkaka mamililita 750 ndi shuga magalamu 90. Mkaka ukhale lait entier, wosachotsedwa mafuta, wa chivindikiro chofiira uja. Wa chivindikiro chabuluu umatheka koma kasitadi wake amatuluka wopepuka, wa chobiriwira ndiye musiyeni m'sitolo momwemo.

Chimene chimalimbitsa kasitadi ameneyu ndi dzira lokha. Chachikasu cha dzira chikakhala chokha chimayamba kuuma pa madigiri 65 mpaka 70 a Celsius. Chikasakanizidwa ndi mkaka komanso shuga chimapirira mpaka kupitirira 80, ndipo kasitadi amakhala pabwino pakati pa 82 ndi 84. Mukangodutsa 85, dzira lija limagwirana lokhalokha n'kusiyana ndi mkaka, ndiwo timibulu munaonato. Taonani kufupika kwa mpata wake. Pakati pa kupsa ndi kuwonongeka pali madigiri awiri kapena atatu okha, pomwe mkaka umawira cha pa 100. Ndiye ngati munaona kasitadi akubwata ngakhale pang'ono m'mbali mwa poto, dziwani kuti anali atapitirira kale. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti kasitadi amapsa akawira, ndipo kwa wa ufa zimenezo n'zoona. Kwa uyu kuwira ndiye imfa yake.

Tenthetsani mkaka pamodzi ndi vanila mpaka uyambe kufuka nthunzi, muphule, muvundikire kwa mphindi 10 kuti fungo lilowerere. M'mbale ina menyani zachikasu zija ndi shuga mpaka mtundu uyambe kuyererako. Musathire shuga pa mazirawo n'kuchokapo kukayankha foni, chifukwa akakhala pamenepo osatakasidwa amayamwa madzi a m'dzira n'kusiya timadontho tolimba timene sitisungunukanso. Kenako tsanulirani mkaka wotentha uja pa mazirawo pang'onopang'ono uku mukutakasa, kuti dzira lizolowere kutentha lisanafike pamoto. Bwezerani zonse mu poto wokhuthala pansi, moto ukhale wochepa, ndipo muzitakasa ndi supuni yamtengo osalekeza, mukukanda pansi ndi m'makona chifukwa kupserera kumayambira kumeneko. Zimatenga mphindi 5 mpaka 10, ndipo nthawi yambiri pamaoneka ngati palibe chikuchitika. Apa m'pamene anthu amatopa n'kukweza moto. Musakweze.

Zizindikiro zilipo ziwiri. Choyamba, kathovu kamene kamakhala pamwamba poyamba paja kamazimirira. Chachiwiri, mukavuula supuni kasitadi amaikuta, ndipo mukalemba mzere ndi chala kumbuyo kwa supuniyo mzerewo sufufutika. Ophika a kumeneko amati wafika à la nappe. Ngati mungathe, gulani choyezera kutentha cha kukhitchini. Sichidula, ndipo kwa munthu amene maso ake sanazolowere chimachotsa zongoganizira zonse. Chidzakuthandizaninso pa nkhani ya alamu anu.

Pali malo ena amene kasitadi amawonongekera atapsa kale bwinobwino, ndipo ambiri sawadziwa: mu poto momwemo, moto utazimitsidwa. Chitsulo chimasunga kutentha n'kupitiriza kuphika. Ndiye musanayatse moto konzeranitu mbale yozizira ndi sefa pamwamba pake, kuti akangofika mumutsanulire nthawi yomweyo. Mbaleyo muikhazike m'beseni la madzi ozizira, a ayisi ngati alipo, ndipo muzimutakasa apo ndi apo mpaka azizire. Pomuika m'firiji, kapulasitiki kovundikira kazimukhudza pamwamba kuti asachite khungu.

Timibulu tikayamba kuoneka musataye msanga. Phulani, tsanulirani m'mbale yozizira, mumupukuse ndi makina opukusira supu aja kwa masekondi ochepa, kenako musefe. Agogo a ku France njira yawo ndi yomuthira m'botolo atazizirako, kutseka bwino n'kukhutchumula mwamphamvu, ndipo imagwiradi ntchito. Koma ngati zibulu n'zikuluzikulu ndipo fungo lasanduka la mazira okazinga, ameneyo wapita, yambani wina. Kwa inu amene mukuphikira apongozi koyamba, ndikuloleni kachinyengo kamodzi: supuni yaing'ono imodzi ya ufa wosalala wa chimanga wotchedwa Maïzena m'zachikasu zija pomenya. Ufawo umatchingira dzira kuti lisagwirane msanga, ndipo pa mkaka wochuluka chonchi palibe amene angaumve. Ophika ena angandinyoze pa zimenezi, koma kasitadi wosalala wokhala ndi kaufa pang'ono amaposa wa timibulu wopanda ufa.

Vanila musamuchepetse. Ngati thumba likulola, gulani gousse imodzi, kachitheba kakuda kaja, muing'ambe m'litali, mupale tinjere take ndi mpeni n'kuthira zonse mu mkaka, khoko lomwe. Timadontho takuda timene timaoneka mu kasitadi ndi timene Mfalansa amayang'ana asanalawe n'komwe. Mukaona mtengo wake musadabwe. Duwa lililonse la vanila amalikwatitsa ndi dzanja, njira imene anaitulukira Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, mu 1841, ndipo mpaka lero ndi mmene alimi a ku Madagascar amachitira, kumene vanila wambiri wa padziko amachokera. Ngati gousse yadula, vanila wamadzi wa m'kabotolo kapena timapaketi ta shuga wa vanila, sucre vanillé, tikwanira, mungochepetsako shuga winayo. Werengani bwino pa paketi, chifukwa sucre vanilliné ndi wa fungo lopanga.

Tsopano funso lanu la kasitadi wa ufa. Yankho langa ndi lakuti ayi, osati pa chakudya chimenechi. Sindikumunyoza, tonse tinakulira yemweyo ndipo pa keke kapena pa nthochi amakoma. Koma mulibe dzira m'menemo. Anamupanga Alfred Bird ku Birmingham, ku England, mu 1837 chifukwa mkazi wake mazira sankamuyanja, ndipo chimene chimamulimbitsa ndi ufa wosalala wa chimanga. Akazizira amagwirana, thovu lija m'malo moyandama limangokhala pamwamba, ndipo apongozi anu adzazindikira pa supuni yoyamba. Crème anglaise amafunika aziyenderera ngati thobwa losefedwa bwino, osati phala. Zikakuthinani pa tsikulo, masitolo a kumeneko amagulitsa crème anglaise wopangiratu wa m'makatoni, ndipo mabanja ambiri a ku France amagwiritsa ntchito yemweyo popanda manyazi. Sakoma ngati wophika nokha, koma ali pafupi kwambiri kuposa wa ufa.

Tibwere ku thovu. Zoyera za mazira 4 ndi shuga magalamu 70 mpaka 80 zimakwanira anthu 6. Ziwiri zotsala pa mazira 6 a kasitadi aja muike mu firiza, zimasungika bwino. Mdani wa thovu ndi mafuta, ngakhale kadontho. Mbale ikhale yagalasi kapena yachitsulo, chifukwa yapulasitiki imasunga mafuta ngakhale mutaitsuka chotani, ndipo muipukute kaye ndi kansalu kodonthezera mandimu kapena viniga. Chachikasu cha dzira nacho ndi mafuta. N'chifukwa chake dzira lililonse muziliswera m'kakapu padera musanalithire m'mbale yaikulu, kuti limodzi likaphulika lisawononge onse. Mazira amalekanitsika bwino akangochoka m'firiji, koma amafufuma bwino akakhala panja kwa theka la ola.

Yambani kumenya pang'onopang'ono, mutathira kamchere ndi madontho ochepa a mandimu. Shuga adikire mpaka thovu layera ndipo layamba kuima mofewa, kenako mumuthire katatu, mukumenya pakati. Mukamuthira yense poyambirira thovu limachedwa kukwera. Mukamuchepetsa kwambiri poopa kutsekemera, thovu limakhala losalimba ndipo limafota msanga, chifukwa shuga ndi amene amagwira madzi a m'dzira kuti asatuluke. Lekani kumenya pamene thovu likunyezimira ndipo mukakweza chomenyera nsonga yake ikuima n'kupindika pang'ono kumapeto, chimene kumeneko amati bec d'oiseau. Makina amapitirira msanga. Thovu likasiya kunyezimira n'kuyamba kuoneka louma, logawikana zigawozigawo, ndiye kuti lamenyedwa mopitirira, ndipo limenelo lidzakha madzi m'mbale zivute zitani. Likangofika liphikeni pompo, lisadikire.

Tsono chifukwa chiyani linkafufuma mu poto n'kufota mukalivuula? Thovu ndi timatumba ta mpweya tambirimbiri, makoma ake ndi choyera cha dzira. Mkaka ukamawira, mpweya uja umakula ndipo nthunzi imawonjezera, thovu n'kutupa mosangalatsa maso. Koma nthawi yomweyo makoma aja akukokeka kupyola mphamvu yawo uku akupsa mopitirira. Mukalivuula mpweya umazizira n'kubwerera, makoma amagwa, chotsala ndi chofota cholimba chija. Kutupa kwambiri mu poto si chizindikiro chabwino ayi. Mkaka kapena madzi azikhala pa madigiri 80 mpaka 85, pamwamba pakungonjenjemera koma popanda kubwata. Tengani poto wotakata, muikemo zibulungwa zitatu kapena zinayi zokha nthawi imodzi chifukwa zimakulako ndithu, ndipo musavundikire. Mphindi ziwiri mbali iyi, mutembenuze modekha ndi supuni yabowolabowola, mphindi ziwiri mbali inayo, ngati zibulungwazo n'zazikulu ngati dzira. Mukakhudza ndi chala zizibwerera ndipo zisamamate. Ziikeni pa nsalu yoyera kuti zikhe. Kufota pang'ono kumakhalapo, musadandaule nako.

Mkaka kapena madzi? Mabanja ambiri amaphikira mu mkaka wa vanila womwe uja, kenako n'kuusefa n'kupangira kasitadi. Thovu limatengako kafungo, koma mkaka umaphwera ndiye mumayenera kuwonjezera kuti ubwerere pa muyeso, umachita khungu, ndipo umapserera pansi mukatanganidwa ndi kutembenuza. Kuhotela ndimagwiritsa ntchito madzi. Zibulungwa zimatuluka zoyera mbee, ndipo kasitadi ndimakhala nditamupangiratu dzulo lake, wazizira bwino.

Kwa inu amene mukuyenera kunyamula chakudyachi kudutsa nacho mu mzinda, ndikanasankha uvuni. Pakani batala pang'ono m'chikombole, muwazemo shuga, mudzaze thovu mukulitsindira mofatsa kuti musatsale mabowo. Khazikani chikombolecho m'thireyi, muthire madzi otentha ofika theka la msinkhu wake, uvuni ukhale pa madigiri 140 mpaka 150. Chikombole chachikulu chimatenga mphindi 25 mpaka 30, timbale ta munthu mmodzimmodzi pafupifupi theka la nthawi imeneyo. Lisiyeni lizizire momwemo, mukalikhuthule mukafika. Madzi a m'thireyi amaletsa kutentha kukwera msanga, ndiye vuto la kufota lija limachepa kwambiri. Mudzamvanso ena akunena za microwave, kuti masekondi 30 basi zatheka. Zimathekadi pa tsiku la changu, koma imaphika mosiyanasiyana, pena papsa pena payi, ndiye Lamlungu limeneli isiyeni.

Shuga wowotcha uja, karamelo, sanalakwe kaphikidwe. Chikhalidwe chake n'choti amayamwa chinyezi, ndipo munamuika pa thovu lonyowa, m'firiji momwenso muli chinyezi, usiku wonse. Amathiridwa chakudya chikupita patebulo. Kapangidwe kake: shuga magalamu 100 ndi masupuni aakulu awiri a madzi mu poto woyera mkati kuti muziona mtundu, moto wapakati, osatakasa ndi supuni chifukwa shuga amabwerera kukhala mchenga. Muzingopendeketsa poto. Cha pa madigiri 170 amafiirira, ndipo kuchoka pa kufiirira kufika pa kuwawa ndi masekondi ochepa, ndiye phulani mtundu usanafike pamene mukufuna. Viikani foloko n'kumayendetsa pamwamba pa thovu kuti agwe timizeremizere. Ngati simukufuna kuyatsa moto m'khitchini ya apongozi anthu ali patebulo, mutsanulireni kunyumba pa pepala lophikira makeke pamodzi ndi maamondi okazinga, akauma mumuphwanye, mumusunge m'botolo lotseka bwino kunja kwa firiji, mukangowaza pomaliza.

Komatu inu muli ku Lyon, kwawo kwa pralines roses, maamondi okutidwa ndi shuga wapinki aja amene mumawaona pa makeke otchedwa tarte aux pralines m'mabekare. M'malo odyera a kumeneko, ma bouchon aja, si zachilendo kupeza île flottante yowazidwa zimenezi zitasinjidwa. Mukasankha njira imeneyi nkhani ya karamelo yathera pomwepo. Nazonso muwaze pomaliza chifukwa zimasuluka mtundu zikanyowa.

Mukaganiza zopanga karamelo, ana atuluke m'khitchini. Amatentha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu n'kupitiriza kuwotcha. Musayese kumulawa kapena kumukhudza ndi chala. Akakugwerani, ikani malowo pansi pa mpopi wa madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka batala, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Ngati bala ndi lalikulu ngati chikhatho, kapena lili kumaso, pa zala kapena polumikizira mafupa, kapena wapsayo ndi mwana, onanani ndi dokotala tsiku lomwelo. Nambala za ngozi kumeneko ndi 15 kapena 112.

Za alamu anu, amuna anu sakulakwitsa. Choopsa m'mazira osapsa bwino ndi kachilombo ka Salmonella, ndipo amayi oyembekezera ku France amalangizidwa kupewa zakudya za mazira aawisi kapena osapsetsa, monga mousse au chocolat, thovu la chokoleti la mazira aawisi, ndi mayonezi opanga kunyumba. Kasitadi amene wafika madigiri 82 alibe vuto, wapsa. Pokayikitsa ndi pa thovu. Mpweya uli m'kati mwake umachedwetsa kutentha kulowa, ndiye kunja kungapse pakati pasanafike madigiri 70 amene amafunika. Chibulungwa chimene chakhala m'madzi mphindi zinayi sindingachilumbirire.

Njira zilipo. Masitolo ena amagulitsa zoyera za mazira za m'botolo zimene zinatenthetsedwa kale kufakitale kuti tizilombo tife, palembedwa kuti pasteurisés. Zimachedwako kufufuma koma zimafufuma, ndipo imeneyi ndiyo njira yodalirika kwambiri. Ina ndi ya uvuni ija, mutabaya choyezera pakati penipeni n'kuona kuti padutsa 70. Yosavuta kuposa zonse ndi yowapatsa kasitadi yekha ndi zipatso zotsukidwa bwino kapena kagawo ka keke, ndipo palibe amene angaone ngati mwawasala. Mkaka ukhale wa m'sitolo wotenthetsedwa kale, osati lait cru, wosatenthetsa uja wa kumsika. Auzeni alamu anuwo mmene mwaphikira kuti asankhe okha, ndipo ngati akukayika afunse sage-femme wawo, mzamba amene akuwayang'anira. Ngati anawapeza ndi shuga wa pa mimba, ndiye nkhani ndi inanso, chifukwa chakudyachi n'chotsekemera kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Gulani mazira olembedwa extra-frais, amene sanapitirire masiku 9 chiikiridwe. Tsiku lothera lolembedwa pa katoni ya mazira wamba limafika masiku 28 chiikiridwe. Dzira latsopano limachepetsa chiopsezo koma silichithetsa. Losweka kapena long'aluka litayeni, musatsuke mazira chifukwa madzi amalowetsa zakunja kudzera m'chigoba, ndipo musambe m'manja mukamaliza kuswa. Chenjezo lomweli likukhudzanso ana aang'ono, okalamba, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka. Wina akayamba kutsegula m'mimba, kusanza, kupotokola kapena kutentha thupi pakati pa maola 6 ndi masiku atatu chidyereni, amwe madzi ambiri. Ngati ndi woyembekezera, mwana wamng'ono kapena wokalamba, kapena mukuona magazi m'chimbudzi, imbirani dokotala tsiku lomwelo osadikira kuti muone mmene kuchere.

Ndikanakhala inu, pakati pa sabata ndikanayesera kasitadi yekha ndi zachikasu ziwiri ndi mkaka mamililita 250, kuti dzanja ndi maso zizolowere pamene amafikira. Loweruka madzulo phikani weniweniyo, agone m'firiji, amakoma kwambiri akagona chifukwa vanila amalowerera. Thovu liphikeni Lamlungu m'mawa, maola ochepa chakudya chisanakwane. Ponyamula chilichonse chikhale pachokha: kasitadi m'botolo lotseka, thovu m'chikombole chake kapena m'kontena yafulati, zowaza m'kabotolo kouma. Kasitadi ndi thovu zilowe m'chikwama chozizira chokhala ndi ayisi, ndipo mukangofika zipite m'firiji. Nkhomaliro za Lamlungu za kumeneko zimatalika, mukudziwa nokha, ndiye musazitulutse mpaka mbale ya tchizi itachotsedwa patebulo. Zakudya za mazira ndi mkaka zisakhale panja kupitirira maola awiri.

Pogawa, kasitadi ayambe kulowa m'mbale zakuya, thovu pamwamba, zowaza pomaliza, ndipo muikepo kajagi ka kasitadi wapadera chifukwa nthawi zonse amatha thovu lisanathe. Kasitadi wotsala amasungika m'firiji masiku awiri kuchokera pamene munamuphika. Thovu lotsala lidyedwe tsiku lomwelo, likagona limakha madzi.